Ankhoswe a pamwamba pa kabati

Bandulo yakweranso mtengo, koma mlembi wa danga lino akakhala kuntchito sangathebe kufunsa thanki ya kunyumba kwake ngati muli madzi.

Mphwake, yemwe anapita patali ndi zamakompyuta, anamangirira kachipangizo koyeza madzi pathankipo. Kachipangizoko sikalankhula ndi foni pamaso. Kamatula uthenga kwa pulogalamu yotchedwa Mosquitto, yokhala m'kakompyuta ka Raspberry Pi pamwamba pa kabati, ndipo iyo ndiyo imakafikitsa mawu kwa aliyense wolembetsa. Kunena mosapsatira, ndi ankhoswe. Chiyankhulo chawo ndi MQTT, chomwe Andy Stanford-Clark wa ku IBM ndi Arlen Nipper anakonza mu 1999 kuti aziyang'anira mapaipi a mafuta ali kutali.

Mlembiyu akakhala pakhomo, ankhoswe amayankha mwaulemu. Akangotuluka pageti, zii.

"Achimwene, ankhoswe anuwa amakhala pa 192.168.1.20," anatero mphwakeyo. "Adiresi imeneyi ndi ya m'nyumba mokha."

Sananame. Chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chimapatula maadiresi oyamba ndi 192.168 kapena 10 kuti aliyense azigwiritsa ntchito kwake, ndiye makomo osawerengeka ali ndi nambala yomweyo. Mnyamatayo anatsegula khomo 1883 pa rauta, n'kuikapo pasiwedi, poti chiyambire 2020 ankhoswewa salandira mlendo popanda kuuzidwa. Zii ndithu. Kufufuza bwino, rautayo nayo inapatsidwa adiresi yoyamba ndi 100.64, chizindikiro chakuti kampani ya intaneti yaunjika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi. Akatswiri amati CGNAT. Ankhoswe ali mumpanda, mpandawo uli mumpanda unzake, kiyi ali ndi kampani, ndipo kampaniyo yati wofuna adiresi yakeyake aziwonjezerapo kangachepe mwezi ndi mwezi.

Apa mlembi sakuseka. N'zoona kuti maadiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo bungwe la IANA linagawa otsiriza mu Febuluwale 2011. Koma IPv6, yomwe maadiresi ake angakwanire thanki iliyonse padziko, ilipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Kampani yokweza bandulo koma osafikitsa IPv6 kwa kasitomala ikudyera pavuto lomwe ikanathetsa kalekale.

Njira inapezeka, yochititsa manyazi. Wakunja sangagogode, koma wam'kati atha kutuluka. Choncho mphwake anachita lendi kompyuta ina ku Johannesburg, ndipo ankhoswe a pakabati amalumikizana nayo okha kudzera mu WireGuard. Uthenga wa thanki tsopano umayamba wakaona Joni, kenako n'kubwerera kudzapeza mwini wake atapanikizika mu minibasi.

Ndiye kuti ankhoswe apeza ankhoswe awo. Achiwiriwa salandira nkhuku ngati a kumudzi, amafuna madola pakutha pa mwezi. Mlembi wapita kubanki kukafunsa madolawo, amuuza kuti adikire, ndipo pano akufunsafunsa ngati pali amene akudziwana ndi wina wake m'katimo.