Ulemu kwa Achikulire a Template

Pa mwambo uliwonse wolongosoka amayamba athokoza mafumu, kenako atsogoleri a mipingo, kenako amayi amene anaphika. Ife olemba mapulogalamu a pakompyuta tili ndi mkulu wathu amene sanathokozedwepo pagulu, chonsecho ndi amene amatidyetsa. Lero ngongole imeneyi ibwezedwe. Ndikunena Achikulire a Template, aja timawakopera pa GitHub pakati pa usiku kasitomala atanena kuti akufuna kuona kanthu pofika Lachisanu.

Kwa amene sanagwireko ntchitoyi, nkhani yake ili motere. Kasitomala akabwera, kaya ndi mwini sukulu, mwini shopu ya mankhwala kapena mlembi wa gulu la banki m'khonde lomwe lakula, amati akufuna system. Pulogalamu yotere ili ndi mbali imene anthu saiona, yokhala pa seva, yosunga mayina ndi ndalama, ndipo mbali imeneyo iyenera kudziwa kuti amene akugogoda ndani. Kulemba zimenezi wekha ndi ntchito yotopetsa, komanso ukaphonya pang'ono mbava zimalowa. Ndiye anthu achifundo akutali anazilemba kale n'kuziika poyera kwaulere. Iwe umangolemba mzere umodzi, n'kukhala pansi kuonerera bandulo ikutha. Ukamadzuka, tsamba lolembetsera lilipo, lolowera lilipo, lotulukira lilipo, ngakhale la anthu oiwala pasiwedi lilipo, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene waiwala kanthu.

Aliyense amene anayendako m'mapuloti atsopano kunja kwa Lilongwe amaudziwa mpanda uja wa njerwa zootcha, wautali, wa geti lachitsulo lopentedwa bwino, loko wamkulu ali lende. Ukasuzumira pampata umapeza chimanga ndi kamulu ka mchenga komera udzu. Nyumba idzabwera, koma geti lafika kale, ndipo odutsa akupereka ulemu. Achikulire a Template ndiwo mmisiri wa geti limenelo, ndipo pa luso lawo palibe wowaposa.

Taonani mmene amachitira mu Laravel Breeze, amene anatuluka mu 2020. Mlendo amalemba dzina, imelo, pasiwedi, n'kuibwereza kachiwiri kuti asadzakane mawa. Pasiwediyo imasinjidwa ndi bcrypt, njira imene Niels Provos ndi David Mazières anatulutsa mu 1999, yochedwa dala n'cholinga choti wakuba akamayesa mawu mamiliyoni atope. Fomu iliyonse imanyamula kachizindikiro kobisika koletsa tsamba lachilendo kutumiza zinthu m'dzina lako. Ukaphonya pasiwedi kasanu amakuimika panja kuti mtima ukhale pansi. Nzeru za akatswiri za zaka makumi zasonkhana pakhomo limeneli. Ndiye mlendo uja, atapambana mayeso onsewa, amalandiridwa ndi tsamba loyera mbee lokhala ndi kachiganizo kamodzi komuuza kuti walowa. Basi. Walowa kuti? Walowa. Akufuna chiyaninso? Ali ndi ufulu wosintha dzina lake, ufulu wosintha pasiwedi, ufulu wofufuta akaunti yake, ndi ufulu wotuluka kuti alowenso. Ine sindinaonepo kudzichepetsa kotere. Ena akanalonjeza zambiri, koma Achikulire amangonena zoona zokhazokha.

Ndipo kachiganizo kameneka kamalipiritsa, musaiwale. Lachisanu lija likafika, umatsegula laputopu pamaso pa kasitomala, umalemba imelo, umadina batani, dzina lake n'kuonekera pakona. Nkhope yake imawala. Amaitana wachiwiri wake kuti adzaone. Amafunsa ngati batanilo lingakhale lobiriwira. Za mmene pulogalamuyo idzawerengere fizi, za ngongole za mamembala, za lisiti, palibe wofunsa, chifukwa aliyense waona ndi maso ake kuti chinthucho chikugwira ntchito. Theka la malipiro limatuluka tsiku lomwelo. Ndi ndani wina mwa abale ako amene anakuchitirapo zotere?

Banja la Achikulire ndi lalikulu, ndipo aliyense ali ndi khalidwe lake. Wamkulu ndi Django, wobadwira mu ofesi ya nyuzipepala ku Lawrence, m'chigawo cha Kansas, ndipo anaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Mpaka lero sanaiwale kwawo: ukafufuta mzere wa nthawi mu fayilo ya zokonda zako, amabwerera ku nthawi ya America/Chicago, ndipo lisiti ya munthu amene walipira mamawa ku Limbe imaonetsa kuti analipira dzulo usiku. Pali Cookiecutter Django, amene asanakupatse kalikonse amakupanikiza ndi mafunso: ugwiritsa ntchito Docker kodi, PostgreSQL iti, makalata adzatumiza ndani, Celery ukumufuna, nanga Sentry? Iwe umangovomera zonse kuopa kuoneka mbuli, n'kupezeka uli ndi zipangizo zokwanira kampani ya ndege pomwe kasitomala wako amagulitsa simenti. Pali Passport wa ku Node.js, wodziwa njira zoposa 500 zolowetsera munthu, ngakhale mlendo wako akufuna imodzi yokha. Koma amene ndimamugwadira kwambiri ndi wa Rails 8, wa mu November 2024. Iyeyu amakupatsa polowera ndi pokonzera pasiwedi yoiwalika, koma tsamba lolembetsera sakupatsa, akuti ulembe wekha. Ndiye kuti alipo malo olowera, koma palibe amene angakhale membala. Chitetezo choposa pamenepa sindikuchidziwa.

Sitingapitirire osatchula nzika yoyamba ya dziko lililonse limene Achikulire amakhazikitsa. Mu Laravel dzina lake ndi Test User, imelo yake ndi test@example.com, ndipo pasiwedi yake ndi mawu oti password. Adiresi ya example.com inapatulidwa mu 1999 kuti izingogwira ntchito ya zitsanzo, kotero bamboyu salandira kalata, sadandaula, sapempha kuti mumuwonjezere kalikonse. Amayenera kuchotsedwa pulogalamu isanapite kwa anthu. Koma ndani angathamangitse munthu wofatsa chotere? Anzanga ena, amene sindiwatchula chifukwa timamwera limodzi tiyi, anamusiya momwemo, ena mpaka anamukweza kukhala woyang'anira wamkulu. Ndikukhulupirira kuti pali ma system ena m'tauni muno amene wogwira ntchito wokhulupirika kwambiri, wosajomba, wosapempha alawansi, ndi Test User.

Anzanga omwewo ndi amene amatumiza fayilo ya .env ku GitHub, muli makiyi onse a seva, kenako n'kumadabwa kuti ndani wawalodza. Django anafika potopa nawo: kuyambira mtundu wa 3.2, kiyi wachinsinsi amene amakupangira poyamba amayamba ndi mawu ochenjeza kuti ndi wosatetezeka. Chenjezolo lili m'kati mwa kiyi mwenimwenimo, loonekera kwa aliyense wotsegula fayilo ya zokonda. Anthu amaliwerenga, amagwedeza mutu kuvomereza, n'kutumiza pulogalamu ku seva momwemo, DEBUG ali chiyatsire, kuti ikadzagwa tsamba lachikasu la zolakwika lidzaulule za m'mimba mwake kwa aliyense wodutsa.

Koma ulemu usatitseke pakamwa. Achikulire ali ndi chikhulupiriro chimodzi chimene sasunthika nacho, chakuti munthu aliyense padziko lapansi ali ndi imelo ndipo amaitsegula. Zoona zake, mayi wa gulu la banki m'khonde ali ndi nambala ya foni, ali ndi WhatsApp, amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba osayang'ana n'komwe, koma imelo yake anamutsegulira mnyamata wogulitsa mafoni tsiku limene ankagula foniyo, ndipo pasiwedi yake inapita ndi mnyamatayo. Ndiye akaiwala pasiwedi ya system yathu, Achikulire amamutumizira kalata ku bokosi limene kiyi wake anatayika kalekale. Chifukwa chake n'chodziwika: imelo kutumiza n'kotchipa, pomwe SMS iliyonse ili ndi mtengo, ndipo amene analemba template sankaganiza za nambala yoyamba ndi +265. Nthawi zina kalatayo sichoka n'komwe. Pa nthawi yoyeserera, makalata amangolembedwa pa kompyuta ya wolemba pulogalamu kapena mu fayilo ya pa seva, ndipo ngati palibe wakumbuka kusintha, mayi uja amauzidwa mwaulemu kuti ayang'ane imelo yake, kalata yake ili phee pamalo amene iye sadzafikapo.

Ukati ukonze, kuti anthu azilowa ndi nambala ya foni, m'pamene umadziwa kuti walira mvula walira matope. Malangizo a Django amanena poyera kuti ukonze mtundu wakowako wa wogwiritsa ntchito pachiyambi penipeni, usanapange matebulo, chifukwa kusintha pakati pa ulendo n'kovuta. Malangizo abwino kwambiri, ndipo anthu ambiri amawapeza mwezi wachitatu, mayina mazana atalowa kale. Komanso dzina lolowera la Django limalola zilembo, manambala ndi tizizindikiro tisanu tokha, ndipo kankhodolero ka m'mwamba kaja sikali m'gululo. A Ng'oma ndi a Ng'ambi, pepani, makolo anu sanafunse kaye ku Kansas.

Pano mtima wanga ukuchoka kwa Achikulire n'kupita kwa ena amene amawagwiritsa ntchito molakwika. Alipo mabwana m'maofesi ena amene akaona geti amafuna liikidwe paliponse. Chidziwitso choti anthu onse aone, mndandanda wa mitengo, fomu yofunsira ntchito, zonsezi akuti munthu ayambe walembetsa, atsimikize imelo, alowe, kenako apeze chikalata chojambulidwa chopendekeka chomuuza kuti abwere yekha ku ofesi ndi mafotokope awiri. Bwana yemweyo ndi amene amalamula kuti pasiwedi ikhale ndi chilembo chachikulu, nambala, chizindikiro, ndipo izisinthidwa mwezi ndi mwezi. Malamulo amenewa anafala kuchokera m'chikalata cha bungwe la NIST ku America cha mu 2003, ndipo amene anachilemba, Bill Burr, anavomera mu 2017 kuti zambiri mwa izo akunong'oneza nazo bondo. Chaka chomwecho bungwelo linasintha malangizo: mawu aatali ndi abwino kuposa zokometsera, ndipo musakakamize anthu kusintha popanda chifukwa. Uthengawu sunafikebe m'maofesi ena. Zotsatira zake aliyense akuzidziwa. Pasiwedi imakhala dzina la mwana woyamba, chizindikiro chimodzi ndi chaka, ndipo mwezi ukatha amangosintha nambala yomaliza. Ya bwana mwiniwakeyo ili pakapepala komatidwa pansi pa kiyibodi, ndipo amene amaidziwa pamtima ndi sekilitale, mesenjala ndi mwana wa mlongo wawo amene amabwera kudzasindikiza ntchito ya kusukulu. Provos ndi Mazières anavutikiranji?

Achikulire nawonso amakalamba, ndipo amakalamba msanga. Lamulo lakale la make:auth linachotsedwa mu Laravel 6 mu 2019. Jetstream ndi Breeze anabwera mu 2020, ndipo pofika February 2025, Laravel 12 itatuluka ndi ma template atsopano, zinalengezedwa kuti awiriwa sadzawonjezeredwanso zatsopano. Ku Node.js n'koopsa kuposa apa: template ya zaka ziwiri zapitazo ukaidzutsa imakokera timapulogalamu mazanamazana mu foda ya node_modules, n'kukupatsa mndandanda wofiira wa mabowo achitetezo usanalembe ndi mzere umodzi womwe. Mu March 2016 munthu mmodzi anachotsa pa npm kapulogalamu ka mizere 11 kotchedwa left-pad, ndipo ntchito za anthu ambirimbiri padziko lonse zinaima. Ife timamanga chitetezo cha ndalama za anthu pamwamba pa zinthu zotere, magetsi akuthimathima, n'kumagona tulo tabwino.

Komabe mphatso yaikulu ya Achikulire ndi iyi: amatiletsa kudziwa pasiwedi za anthu. Mu 2009 kampani ya RockYou inabedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni amene inkasunga osasinja, ndipo yotchuka kwambiri inapezeka kuti ndi 123456. Template yabwino siilola manyazi amenewo. Imasunga zosinjidwa zokha, zimene sungazibweze kuti zikhalenso mawu, kotero ngakhale iwe wolemba pulogalamu ukatsegula tebulo umangoona zilembo zosokonekera. Ndi nzeru yeniyeni, ndipo pano sindikuseka.

Vuto ndi kuifotokoza Lamlungu madzulo foni ikaitana.

"Achimwene, tandiuzeni pasiwedi yanga ija."

"Bwana, ine sindingaione. Dinani pamene alemba za kuiwala pasiwedi, akutumizirani imelo."

"Imelo yake iti?"

"Imene munalembetsera, bwana."

"Inu simunandilembetsere ndinu? Tsegulani kumeneko mundiwerengere."

"Siioneka, bwana. Inasinjidwa."

Kumakhala chete pang'ono, kenako mawu amatsika, ngati a munthu amene wazindikira kuti akumubisira kanthu.

"System munapanga nokha, ndalama tinakupatsani zonse. Lero mukuti simukuidziwa?"

Pamapeto pake umatsegula laputopu, umawaikira pasiwedi yatsopano, n'kuwatumizira pa WhatsApp. Iwo amayankha ndi chala chokweza, kenako amaitumiza pa gulu la ofesi yonse kuti ena aziwakumbutsa.