Chitamando cha Legeni ndi Kobiri Lobooka

Pa zida zonse zimene ana a Adamu anasula kapena kusema chichokere m'munda muja, palibe chimene chinasowa wochiimbira nyimbo. Uta uli ndi miyambi yake, mkondo ndi chishango zili ndi gule wa Angoni, ndipo ngakhale gogodela, mfuti ya makolo ija imene inkagwetsa mwini wake chagada nyama isanagwe, akuluakulu amaitchula mwaulemu akakhala pamoto. Koma legeni yokha, imene yalera anyamata ambiri kuposa aphunzitsi onse a m'boma la Thyolo, sindinaonepo munthu wovala jekete ataimirira pabwalo kuinenera mawu okoma. Dzina lake limamveka poilanda, pokwapula mwini wake, ndi pamlandu wa nkhuku yothyoka mwendo. Tsono ine, mwana wa kwa Changata, amene ndinakulira kumene tiyi wa m'maesiteti amalekeza ndi nthochi za m'mudzi zimayambira, ndaona kuti nkoyenera ndibweze ngongole imeneyi mano asanandithere m'kamwa.

Tiyambe ndi mtundu wake, pakuti kwathu munthu sitimtama tisanafunse kwawo. Legeni ili ndi makolo atatu, ndipo onse ndi onyozeka: mphanda ya gwafa, yosankhidwa mosamala kuti nyanga zake zilingane, timizere tiwiri ta chubu cha njinga chimene chamatidwa zigamba kufikira wokonza njinga wa pamsika wa Makwasa wachikana, ndi lilime la nsapato imene inatayidwa kudzala. Koma wina asaipeputse chifukwa cha umphawi umenewu, pakuti kuchimuna kwake kuli anthu omveka. Charles Goodyear wa ku America, amene m'chaka cha 1844 boma la kwawo linamuvomereza kukhala mwini luso lophika mphira ndi sulufule kuti usamanate padzuwa kapena kuuma pozizira, ndi John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene ku Belfast anakonzera mwana wake matayala opopa mpweya, ankayesa kuti akufewetsera dziko maulendo; sanadziwe kuti thukuta lawo likathera m'thumba la kabudula wa mnyamata wa kwa Changata, kumene likagona pamodzi ndi timiyala ndi njere za chimanga chokazinga.

M'Malembo Oyera namonso legeni ili ndi abale, ngakhale kuti a nthawi imeneyo anali opukusa ndi dzanja popeza njinga zinali zisanabadwe. Buku la Oweruza limasimba za amuna 700 a fuko la Benjamini, onse amanzere, amene ankatha kulunjika mwala patsitsi limodzi osaphonya. Ndipo za Davide ndi chimphona cha ku Gati mwana aliyense wa Sande sukulu amazidziwa. Chimene alaliki sachinena, koma mnyamata aliyense wa legeni amachimvetsa, ndi chakuti Davide anatola miyala isanu kumtsinje pomwe Goliati anali mmodzi, kusonyeza kuti ngakhale wodzozedwa wa Yehova ankadziwa kuti dzanja limaphonya. Mwala umodzi unalowa m'mbiri, inayi ija inatsala m'thumba, ndipo palibe Mwisraele amene anaisunga kuti adzaonetse zidzukulu. Chiyambire pamenepo, mtundu wa anthu umasunga mwala wolasa ndi kuiwala yotsala.

Azungu, amene chilichonse amachisandutsa malonda, anatenga luso la kulunjika nalichititsa chionetsero cholipiritsa pakhomo. Annie Oakley, mayi wa ku Ohio amene anakhala ndi moyo kuyambira 1860 kufikira 1926, ankayenda ndi gulu la Buffalo Bill, ndipo mu 1887 anaonetsa luso lake ku London m'chaka chimene Mfumukazi Victoria inkakondwerera zaka 50 ili pampando. Oakley ankaboola kandalama koponyedwa m'mwamba, ankadula khadi la njuga poliwombera m'mphepete, ankalasa chandamale chimene chili kumbuyo kwake akuyang'ana pakalilole, ndiponso ankathothola ndudu pamilomo ya mwamuna wake, Frank Butler, bambo amene chikhulupiriro chake chinaposa cha amuna onse okwatira amene ndinawamvapo. Wina, Adolph Toepperwein, woonetsera mfuti za kampani ya Winchester, mu 1907 ku San Antonio anawombera timatabwa 72,500 toponyedwa m'mwamba, naphonya 9 tokha. Chionetsero chikatha, anthu ankalimbirana tindalama ndi tizitsulo tobooledwa ndi zipolopolo kuti akasunge kunyumba, ndipo kufikira lero alipo amene amagula tinthu timeneti pamtengo woposa wa tinzake tabwinobwino: ndalama yoonongeka kupambana yamoyo chifukwa cha dzanja limene linaiononga!

Ife a kwa Changata tinali nacho chionetsero chathu, chopanda tikiti, chopanda wonga, chopanda chiphaso cha boma. Madzulo, amayi akamatsika kuchokera kusikelo madengu a tiyi atapepuka kumsana, ife tinkandandalika zitsekero za mabotolo a Fanta pachitsa cha bulugamu, nkubwerera m'mbuyo mapazi makumi awiri, aliyense atadzaza thumba ndi timipira ta dothi lakatondo toumika padzuwa. Wolasa chitsekero ankachitola nachisunga, ndipo chopindika kwambiri ndicho chinali mendulo yapamwamba. Akadaulo enieni sankataya nthawi ndi zitsekero: iwo ankaloza bango limodzi pansonga penipeni pa mtengo, natchula kuti ndi ilo lofiira tsaya, nadula kaphesi kake bango osalikhudza. Popeza kudera kwathu, moyandikana ndi mishoni ya Malamulo imene a Sabata anakhazikikapo mu 1902, ena amapembedza Loweruka ndi ena Lamulungu, legeni inali ndi mwayi umene chida china chilibe, pakuti tsiku limene anyamata ena ali m'tchalitchi anzawo anali m'tchire, motero mpheta ndi apumbwa sankaona Sabata ngakhale limodzi.

Koposa onse anali malume anga, mlonda wa pa esiteti ina, amene ankayenda ndi legeni m'khosi monga mbusa ayendera ndi kolala. Tsiku lina, ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, ndinatola chubu chofiira cha galimoto, chuma chimene mnyamata aliyense ankachilota, ndipo malume atachiona anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mphwanga, unaonapo munthu akuboola ndalama ili m'malere?"

"Iyayi, malume, zimenezo sizingatheke."

Anatulutsa kobiri lakuda, ataligwira pakati ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, nandionetsa m'mphepete mwake. Kenaka analiponya m'mwamba, nakoka legeni kufikira kukhutu, phaa! Kobiri linagwera muudzu. Nditalitola ndinanjenjemera, pakuti pakati penipeni panali bowo lozungulira bwino, losalala, ndipo njovu ziwiri zinaimirira uku ndi uku ngati mboni za chozizwitsacho.

"Sunga, mphwanga, udzaonetse ana ako. Koma chubucho ubwere nacho kuno, nchachikulu kwa mwana."

Ndinapereka ndi manja awiri, ndikuona ngati ndawabera.

Adani a legeni ali ndi milandu yambiri, ndipo ine sindiibisa, koma ndiiyankha. Amati imaswa mawindo. Koma akanakhala kuti magalasi sasweka, wogulitsa magalasi ku Limbe akanadyetsa chiyani ana ake? Amati imalemaza nkhuku za eni. Koma ndi mabanja angati amene analawa nyama pakati pa mwezi, popanda mlendo kapena Khirisimasi, chifukwa cha mwala umene unalunjikidwa pa njiwa nukapeza tambala? Amati imasiya zipsera pamphumi. Koma chipsera chimenecho ndi chikumbutso chosatayika, chosabedwa, chimene njenjete ndi dzimbiri sizichifika, ndipo mwini wake amapita nacho kumanda. Za diso lokha ndilibe yankho, pakuti mnzathu wina amene tinkaweta naye mbuzi amaona dziko ndi limodzi kufikira lero, ndipo iye akamva ndikutama legeni amangondiyang'ana nalo osanena kanthu.

Mlandu waukulu ndi wa mbalame, ndipo apa legeni iyenera kutamandidwa chifukwa cha kudzichepetsa kwake, pakuti imasenza tchimo la akulu ake mosadandaula. Pa phiri la Thyolo pankakhala kambalame ka m'nkhalango zowirira kamene akatswiri anakalemba m'mabuku mu 1927 nakapatsa dzina la phiri lomwelo, Thyolo alethe, ndipo lero kali m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yakutha. Legeni imapha mbalame imodzi pa miyala makumi angapo. Koma nkhwangwa ndi khasu, zimene zinameta phirilo mpala chifukwa anthu anapanikizika m'mphepete mwa maesiteti kusowa polima, zinachotsa chisa, mthunzi ndi chakudya pa nthawi imodzi. Komabe wokwapulidwa ndi mnyamata wa kabudula wong'ambika, popeza mlandu wa malo ndi wolemera kuunyamula, pomwe khutu la mwana lili pafupi ndi dzanja.

Kobiri lija ndinalivala m'khosi zaka zitatu, ndipo ndinamenyana ndi anyamata awiri amene anakayika za mbiri yake. Tsiku lina agogo anga aakazi, pofuna singano, anakhuthula kachitini kawo pamphasa, ndipo munatuluka chingwe chimene anatungapo makobiri oposa khumi, onse akuda, onse a njovu ziwiri, onse obooka pakati.

"Agogo, kodi onsewa anaboola ndi malume?"

Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola, napukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, nandiuza kuti amenewo ndi makobiri a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 nkutha mu 1963. Kuti ankabwera obooka kale kuchokera kwa osula ake, ndipo anthu osowa matumba ankawatunga pachingwe. Ndi kuti anatha ntchito kalekale, ife a kwacha ndi tambala za mu 1971 tisanadziwe kuwerenga ndalama. Pamenepo ndinakumbukira chala chachikulu cha malume, mmene chinakhalira pakati pa kobiri osasuntha.

Ndikali nalo kobirilo, m'kabati momwe muli mapepala anga ofunika, ndipo sindingalisinthanitse ndi kandalama kalikonse ka Annie Oakley, pakuti iye ankaboola chitsulo chabe, ntchito imene msomali ndi nyundo zingaichite. Akuluakulu amati mbalame ikakhala pauta siilasika. Koma malume anga, mzimu wawo uuse mumtendere, anatsutsa mwambiwo dzuwa likuswa mtengo, pakuti mbalameyo inali itatera pamphanda penipeni, ikuwatcha malume, ndipo anaigwetsa ndi mwala umene sunakhudze kanthu, napita ndi chubu chofiira kukalondera tiyi.