Oyera mtima a mu Januwale

Lachiwiri lapitali ndinapita kwa alamu anga kukatenga ndalama ya thumba la chimanga lomwe anakongola chaka chatha. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, Baibulo lili pabondo. "Alamu," anatero asanandifunse n'komwe za kunyumba, "usiku wa pa 31 Disembala zakale zonse ndinazitula kuguwa. Ndakhululukira aliyense." Ndinafunsa ngati nanenso ndili m'gulumo. "Inu ndiye woyamba." Wangongole kukhululukira mwini chimanga! Ndinabwerako chimanjamanja, koma atandipempherera.

Kuno kwa Chiwalo, Januwale ndi mwezi wa oyera mtima. Usiku wolowa chaka matchalitchi amadzaza mpaka m'mawindo, ndipo amene amalanda mabenchi akutsogolo ndi aja timangowaona pa mwambo wa maliro, nthawi ya nsima ikayandikira. Chinkuzamawu chobwereka chimalira ndi batire ya galimoto, ikangokwana 12 koloko malonjezo ali mbwee. Uyu wasiya kachasu. Uyo wasiya fodya, chingambwe chomaliza chili kuseri kwa khutu. Mayi wina anaimirira kulengeza kuti miseche waisiya, ndipo pofuna kuti mpingo umvetse kukula kwa tchimo lomwe wasiyalo, anafotokoza miseche yonse ya chaka chathunthu, maina, midzi ndi masiku omwe. Anthu anatuluka m'tchalitchi akudziwa mwini mimba iliyonse kuchokera kuno mpaka ku Migowi.

Kenaka pamabwera kusala kudya. Ena amati masiku 7, olimba mtima amati 21. Koma tanenani zoona, ndani amadya katatu ku Phalombe mu Januwale? Nkhokwe ili pululu, chimanga cha m'munda chikadali m'mawondo, ana akufuna fizi ya teremu yachiwiri, ndipo ndalama za banki m'khonde zomwe tinagawana mu Disembala zinathera mpunga, nkhuku ndi zitenje za Khirisimasi. Njala yomwe ikanabwera ndithu yokha, ife taiveka jekete n'kuitcha kusala. Bambo uja wasiya mowa sanasiye ayi. Mayi wotcheza kachasu ndiye wakana kumukongoza, poti dzina lake latha kope lonse la masamba 80. Ludzu la bamboyo lili ngati nyanja ya Chilwa: inaphwa mu 1995 anthu n'kumayenda pansi pake, mvula itabwera inadzazanso, matemba n'kubwerera.

Palinso mnyamata wina wobwera kutchuthi kuchokera ku Blantyre, amene analonjeza kuti azithamanga m'mawa uliwonse kuti mimba iphwe. Anavala kabudula wonyezimira, tizingwe m'makutu, n'kumadutsa amayi omwe akhala akubandira chiyambire tambala woyamba. Gogo wina anaponya khasu pansi n'kukuwa, "Mwanawe, akukuthamangitsa ndani?" Agalu a m'mudzi wonse anadzipereka kuti funsolo likhale ndi yankho. Pano amathamanga pa WhatsApp pokha.

Chondiwawa n'chakuti pa malonjezo onsewa sindinamvepo munthu akuimirira kunena kuti, "Abale, chaka chino ndibweza khasu la aneba, pampu ya njinga ndi ndowa yomwe ndinabwereka pa chinkhoswe." Ayi. Aliyense amasankha lonjezo lomwe palibe angabwere kudzalilondola pakhomo. Kudzichepetsa, kuleza mtima, kuwerenga Baibulo lonse, zimenezo ndiye zimayenda malonda, chifukwa zilibe mboni. Owerenga Baibulo lonsewo chaka chilichonse amakatitimira pa Levitiko. Angongole okha ndiwo amasunga lonjezo lawo mpaka Disembala, poti iwo analonjeza kuiwala zakale. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma malonjezo akuno sangadule ngakhale mutu wa katemba kouma.

Komabe mtima umafewa ndikakumbukira zomwe anthu a boma lino adutsamo. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, nyumba, minda ndi abale zinapita ndi madzi. Munthu woona zotere akafuna kuyamba chaka ndi mtima watsopano, sungamuseke kwambiri. Ungomuseka pang'ono.

Vuto ndi kalendala basi. Kusiya mowa thumba lili lobooka si kulapa. Ndiye ndikupempha mafumu athu kuti kwa Chiwalo chaka chatsopano chizilowa mu Ogasiti, nandolo atauma, mavenda atapachika masikelo awo m'mitengo, thumba la aliyense litatupa. Pamenepo ndiye munthu aimirire pamaso pa mpingo anene kuti kachasu wasiya, kusala ayamba mawa, ndipo ndalama ya nandolo yonse akapereka kwa mayi akunyumba osachotsako ya "transipoti". Usiku umenewo musadzavutike kulawirira kukagwira malo. Mabenchi akutsogolo adzakwana aliyense, ena mpaka kugonapo.