Chimfine chomwe ndinachinyozera

Zaka zitatu ndinkadzuka ndi kuyetsemula. Mamina oyera ngati madzi, maso kuyabwa, mphuno kutsekeka usiku wonse. Dzinja, chilimwe, chimodzimodzi. Mayi a kunyumba ankandifunsa kuti, "Bambo, chimfine chanji chosaona nyengo?" Ine ndinkangoti ndi fumbi la msewu wa ku Neno boma, poti ntchito yanga ndi ya kabaza wa njinga yamoto.

Kuchipatala sindinkapita. Ndinkagula makapisozi a amoxicillin pagolosale, kumwa masiku awiri, kusiya. Kenaka ndinazolowera Piriton, chifukwa yekhayo ndiye ankaumitsa mphuno.

Tsiku lina m'nyengo ya manachesi ndinamwa mapiritsi awiri m'mamawa, n'kukweza mwana wanga wamkazi kuti ndikamutule kwa agogo ake ku Ligowe. Ndinkadziwa kuti Piriton amagonetsa. Ndinkadziwa ndithu. Potsetsereka pena zikope zinalemera, ndipo pomwe ndimadzidzimuka n'kuti tili m'ngalande, mwana akulira atagwira dzanja. Fupa linali litathyoka.

Akumuika pulasitala, adokotala anandiona ndikuyetsemula mosalekeza. Nditaulula zonse, ananditumiza kolabu kukatengetsa magazi.

Anandionetsa pepala la full blood count. Pa maselo oyera a m'magazi pali mtundu wina wotchedwa eosinophil, umene umachuluka thupi likamalimbana ndi chinthu chomwe ladana nacho. Akapitirira 500 pa microlitre imodzi ya magazi ndiye kuti achuluka, ndipo anga anali atadutsa pamenepo. Koma sanafulumire kugamula. Anati kuno kwathu njoka za m'mimba ndi likodzo nazonso zimakweza maselo omwewa, ndiye anandifunsa ngati ndimasamba mu Lisungwi kapena mu Shire. Anayeza chimbudzi ndi mkodzo, osapezamo kanthu. Apo m'pamene anayamba kufunsa za kuchipinda kwanga.

Matiresi akale, bulangete lomwe silinkaona dzuwa, matumba a chimanga pambali pa bedi, mphemvu kuseri kwake. M'zofunda zotere mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, todya mfundu za khungu lathu. Ndowe zake zikalowa m'mphuno, thupi la munthu ngati ine limapanga asilikali otchedwa IgE, iwo n'kuchititsa kuti m'mphuno mutuluke histamine, mkati n'kutupa. Palibe kachilombo koti kapisozi akaphe. Makapisozi onse aja ndinkangomwera chabe, kwinaku ndikuphunzitsa mabakiteriya a m'thupi mwanga kupirira mankhwala.

Anandilembera mankhwala opopera m'mphuno tsiku lililonse, ndi cetirizine woti ndizimwa madzulo. Chimanga ndinachisamutsira kuchipinda china, zofunda timachapa ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa. Kuyetsemula kwachepa, ngakhale sikunatheretu.

Mwana uja anakhala milungu isanu ndi umodzi ali ndi pulasitala, kulemba kusukulu osatha. Dzanja linapola. Koma mpaka lero ndikaliza njinga kuti ndimuperekeze, amati, "Ababa, ndiyenda pansi."