Dulira Mtengowo, Mdzukulu Wanga

Tseka kaye laputopuyo, iwe, ukhale apa. Ana a masiku ano mwandigometsa. Phiri la Ndirande ili anthu adalimeta mpala, mitengo kuthera ku makala ndi nkhuni popanda wogwira mnzake dzanja. Koma kamtengo kamodzi ka m'kompyuta, koti ngakhale mthunzi kalibe, iwe ukuopa kukadula nthambi?

Unandibwereka kope la banki m'khonde yathu, uli ku MUBAS akuphunzitsani decision tree, mtengo wofunsa mafunso mpaka kulosera amene adzabweze ngongole ndi amene adzazembe. Ndinakupatsa. Funso loyamba ndinaligwedezera mutu: ngongole yapitayi anabweza pa nthawi yake? Lachiwiri, amachita geni yanji? Mpaka pamenepo mtengo unkaganiza ngati ine msungichuma. Koma kuleka ayi. Amakhala ku Goliyo kapena ku Makata? Anakongola Lachiwiri kapena Loweruka? Anasaina kapena anadinda chala? Kufunsa, kufunsa, mpaka nthambi iliyonse inakathera pa mayi mmodzi yekha. Ndiye wabwera kuno mano onse pamtunda, "Agogo, wakhoza 100 peresenti!" Ukanalephera bwanji? Waloweza kope langa basi, ngati mwana woloweza mayankho a chaka chatha, woti a MANEB akangotembenuza funso iye wayamba kutafuna bolopeni. Taupatsa mayi wachilendo wa kaunjika wochokera ku Bangwe, uone ukubwebweta.

Ndipo usanamizire kompyuta. Unandiwerengera wekha, ine ndikusenda mbatata, kuti pulogalamu yakoyo ya scikit-learn ukaisiya momwe idabwerera, max_depth ilibe malire, min_samples_split ili pa 2, min_samples_leaf ili pa 1. Ndiye kuti amayi awiri akangosiyana pang'ono, nthambi yaphuka. Iwe osakhudzapo ngakhale chimodzi. Ulesi umenewu sunautengere kwathu! Uuze mtengowo kuti mafunso otsatizana asapitirire 4 kapena 5, ndipo kunsonga kwa nthambi kusatsale amayi ochepera 10. Manambalawo si Malemba, uziwasintha n'kumaona. Koma usadulenso mopsa mtima ayi. Ukasiya funso limodzi lokha, mtengo udzagamula kuti onse ogulitsa tomato sabweza ngongole, ndipo mlandu umenewo ukauyankha wekha kumsika wa Ndirande, ine ndili kutchalitchi.

Si nzeru zatsopano izi. Leo Breiman ndi anzake atatu, Friedman, Olshen ndi Stone, adazilemba m'buku mu 1984, mayi ako akukwawa. Iwo ankausiya mtengo ukule ndithu, kenaka n'kumasadza nthambi zopanda phindu, kukula kwake n'kusankha pouyesa pa anthu amene sunawaonepo. M'makina akomo chikwanje chimenecho ndi ccp_alpha, ndipo chili pa 0, kuchita dzimbiri. Patula masamba ena a kopelo, uwabise, mtengo usasuzumire. Ukakhoza pamenepo, bwera udzandionetse manowo.

Za random forest zija, ati mitengo 100 yoponya mavoti, usandiuze lero. Umodzi womwewu wakukanika. Mayina a amayiwo ufufute usanaonetse aphunzitsi ako, ngongole ya munthu sailengeza m'kalasi, ndipo kopelo lindipeze lisanafike Lachisanu, tikukagawana masheya. Tsopano nyamula zigubu izo, kumpopi atseka posachedwa.