Wa kumgodi akakwera phiri

Kuno ku Lalapanzi tchuthi timachidziwa chonchi: mgodi ukaima, munthu umakhala pakhonde n'kumadikira kuti mtengo wa chrome ukwere. Tchuthi chinachi, choti banja lonse linyamule zikwama n'kukalipira ndalama kuti likatope, ndi cha anthu a pa Facebook. Tsoka ilo, mwana wanga wamkazi ali ndi foni.

Iyeyu ndiye anabweretsa nkhani ya Nyanga. Akuti phiri la Nyangani ndilo lalitali kuposa onse mu Zimbabwe muno, mamita 2,592. Ine ndinangoti kakaka. Ndinamuuza kuti kwathu ku Malawi kuli Sapitwa pa Mulanje, mamita 3,002, ndipo agogo anga anachoka ku Nyasaland wapansi kudzafuna ntchito m'migodi ino, ndiye zokwera mapiri n'zakumtundu. Zoti ku Mulanjeko sindinapondeko phazi, ndinaona kuti ndi nkhani ya akuluakulu.

Titawerengera ndalama ya basi, Nyangani anatalikiratu. Ndinakumbutsanso banja kuti paphiri limenelo anthu amasowa, ndipo akuti ukaona zachilendo sutsegula pakamwa.

“Ndiye inu abambo simungabwereko,” anatero mayi a ana.

Tinamvana za Boterekwa, kungotuluka mu Shurugwi pamsewu wa ku Zvishavane. Kombi mpaka Gweru, ina mpaka Shurugwi. Ana anavala nsapato zothamangira, mayi awo anamanga chitenje n'kunyamula mbatata ndi nkhuku yokazinga. Ine ndinavala jombo zakumgodi, n'kusenza chigubu cha maheu monga mutu wa banja.

Kunena zoona, malowo ndi okongola. Msewu umazungulira phiri ngati njoka yothawa moto, phompho lili apo, moti ngakhale kondakitala wolongolola uja amayamba kukumbukira Mulungu wake. Unali mwezi wa Sepitembala, mitengo ya msasa itaphuka masamba ofiira psuu kuyambira pamwamba mpaka kuchigwa. Ana anali kalikiliki kujambula.

Pokwera ndinatsogola ndine, uku ndikuphunzitsa. Ndinafotokoza za Great Dyke, mtandadza wa miyala wotalika makilomita pafupifupi 550, womwe ife timaukumba ku Lalapanzi n'kumadyera momwemo. Ndinkati ndifikenso pa mbiri ya Shurugwi, kwawo kwa Ian Smith, koma mpweya unandithera pakati pa chiganizo. Abale, munthu amene wakhala moyo wonse akutsikira pansi pa nthaka, mawondo ake amadziwa njira imodzi yokha. Ukawauza kuti lero tikupita kumwamba, amayamba sitiraka.

Koma bambo satopa pamaso pa ana. Ndinagwada n'kutola mwala, kuutembenuza, kuulavulira, kuupukuta pamalaya, kuuyang'ana padzuwa mwaukatswiri. Titayenda pang'ono ndinatolanso wina.

“Inu abambo, mwalawo mwauona mokwanira. Mukufuna kuufunsira mbeta?”

“Ndikufufuza, mayi.”

“Fufuzani. Tipatseni chigubucho.”

Chigubu chinakwera pamutu pawo, iwo n'kukwera phiri, osagwirira n'komwe. Kamnyamata kanga komaliza kanatembenuka n'kuti, “Ababa, agogo aja anabwera okha, kapena anachita kuberekedwa?”

Ndinatsala ndekha pamthunzi. Apa m'pamene ndinamva phokoso lomwe ndimalidziwa ngakhale kutulo: nyundo pa mwala. Kuseri kwa tchire kunali maenje, dothi lofiira lili mbwee, anyamata ali yakaliyakali kusaka golide. Amenewa ndi makorokoza, omwe akulidya phirili usana ndi usiku. Ndinafuna kuwadzudzula kuti akuwononga malo a ife alendo okaona zachilengedwe. Iwo anangoyang'ana jombo zanga n'kundifunsa kuti ndachokera dzenje liti.

Ndinati ndili pa tchuthi. Anaseka mpaka wina anagwetsa fosholo. Kenako anandipempha ndiwagwirire chingwe pang'ono, poti mnzawo anapita kukagula fodya. Nanga munthu n'kukana? Ndinakoka ndowa, ndinawalangiza za mitengo yochirikizira dzenje, ndipo chodabwitsa, mpweya unabwerera wonse.

Banja potsika, likusimba za mapiri ooneka buluu kutali, linandipeza ndili fumbi lokhalokha, dola imodzi ya ku America ili m'manja. M'komboni monse ndine ndekha amene ndinapita ku tchuthi n'kubwerako ndi malipiro. Dolayo mayi a ana analanda, akuti yogulira mafuta osisitira mawondo. Sinakwane.