Nyanga ya Nsatsi ndi Lamya ya M'manja

Makolo athu, amene pa nkhani ya kulera sanachepekere ngakhale kwa Solomoni, anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Ndipo ine, pokhala kalaliki wa pasikelo m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, ndiponso atate wa kabuthu ka zaka zinayi koyamba kumene sukulu ya mkombaphala, ndauika mwambiwu pa muyeso monga ndichitira ndi masamba a othyola, ndipo ndapeza kuti kwina ulemera, kwina upepuka momvetsa chisoni.

Kumunda ulemera ndithu. M'dzinja lapitali, pamene tiyi aphuka koposa, mwanayo ataona amayi atabereka madengu, analira kuti nayenso afuna kuthyola. Sindinamkanize. Loweruka ndinapita naye ku kamunda ka agogo ake, ndinam'mangirira kadengu kumsana, ndi kumuuza lamulo limene wothyola aliyense alidziwa, kuyambira ku esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anakhazikitsa mu 1923, kufikira ku ya Conforzi: masamba awiri ndi kansonga, osapyola apo. Iye anabudula masamba okhwima ndi timitengo tomwe, mame nam'nyowetsa mpaka m'khosi, ndipo dzuwa lisanakwere anati, “Ababa, tiyi walemera, ndiberekeni.” Ndinasenza mwana ndi dengu lomwe, mtima uli myaa, pakuti nyanga inali itafota.

Koma tsoka linadza pamene analirira lamya yanga kuti aonerepo makatuni, ine, podalira nzeru za akulu, ndi kumpatsa, nkukhala pansi kudikira kuti imfotere. Abale anga, chinthu chimenechi sichifota! Inafota ndi bando ya intaneti imene ndinagula kuti indifikitse kumalipiro, batire nilitsatira. Ndipo lisanazime, kachala kaja, kamene kanalephera kusiyanitsa tsamba lanthete ndi lokhwima, kanapeza mosaphonya dzina la apongozi anga aakazi, nikawaimbira pa vidiyo, kotero kuti mayi wolemekezeka amene mwa mwambo ndimpatukira panjira anandiona maso ndi maso, ndili chifuwa pamtunda, mbamu ya nsima ili m'kamwa. “Agogo, taonani mimba ya ababa!” anatero mwanayo, ndipo mayi wake, m'malo mondilanditsa, anagwira chitseko ndi kuseka.

Akuluwo sindiwatsutsa, pakuti nsatsi imene ankanena imera yokha kudzala, siigulidwa, ndipo siidziwa nambala ya munthu. Chotero inu atate anzanga a ku Bvumbwe ndi ku Luchenza, mwana akalirira dengu m'mangireni, akalirira tsabola mlawitseni pang'ono. Koma akalirira lamya, itsekeni ndi nambala yachinsinsi, ndipo musaitsegule iye akuona, chifukwa wanga anaiwerenga kale.